Malonda a ngamila m'chipululu cha Sahara ndi maufumu a Ghana, Mali ndi Songhai

Bambo Chirwa:
Ndikulonjereni nonse, akuluakulu. Funso langa likukhudza maufumu atatu a kumadzulo kwa Africa amene ambiri a ife tinawamva kusukulu, omwe ndi Ghana, Mali ndi Songhai. Tinauzidwa kuti maufumuwa analemera chifukwa cha malonda a golide ndi mchere odutsa m'chipululu cha Sahara. Koma ndikayang'ana mapu, ndikupeza kuti golideyo sankakumbidwa ku likulu la ufumu uliwonse mwa atatuwa. Ankachokera ku Bambuk, dera la pakati pa mitsinje ya Senegal ndi Falémé, kenaka ku Bure, kumtunda kwa mtsinje wa Niger, ndipo pambuyo pake ku nkhalango za anthu a mtundu wa Akan. Mchere nawo unkakumbidwa pakati penipeni pa chipululu, ku malo monga Taghaza, pomwe ngamila zinali za anthu a mitundu ya Berber. Ngati mfumu inalibe mgodi pakhomo pake, inalibe mchere, inalibenso ngamila, mphamvu zake zinkachokera kuti? Funso lachiwiri, limene limandisautsa kwambiri, ndi lakuti kodi malondawa anawamanga maufumuwa, kapena anawadya pang'onopang'ono mpaka kuwagwetsa?

Mayi Nankhoma:
Bambo Chirwa, yankho la funso lanu loyamba lili pa malo amene mizinda ya maufumuwa inakhazikika. Koumbi Saleh, malo amene akatswiri ambiri amati ndiwo anali likulu la Ghana wakale (osati dziko la Ghana la lero), ali kummwera chakummawa kwa Mauritania wa lero, pamene chipululu chimathera ndi kuyamba dziko la udzu. Walata, Timbuktu ndi Gao ilinso m'mphepete momwemo mwa chipululu. Ngamila imapirira ludzu ndi mchenga, koma ikalowa kummwera kumene kuli chinyezi ndi ntchentche za kashembe, imadwala ndi kufa. Choncho katundu yense wochokera kumpoto ankayenera kutsitsidwa m'mizinda imeneyi kuti asenzetsedwe abulu, anyamulidwe pamutu, kapena akwezedwe m'mabwato a pa Niger. Amene ankalamulira malo otsitsirapo katunduwo ndiye ankatolera msonkho.

Al-Bakri, wolemba wachiarabu yemwe analemba ali ku Andalusia (ku Spain wa lero) m'chaka cha 1068 potsatira zimene amalonda ankasimba, anaifotokoza misonkhoyo momveka bwino. Pa bulu aliyense wosenza mchere, mfumu ya Ghana inkalandira dinari (ndalama ya golide) imodzi polowa m'dziko ndi madinari awiri potuluka. Pa katundu wa mkuwa inkalandira ma mithqal 5, pa katundu wina wamalonda ma mithqal 10, ndipo mithqal imodzi inali golide wolemera magalamu opitirira pang'ono 4. Analembanso kuti miyala ya golide yonse inali ya mfumu, pomwe anthu wamba ankaloledwa fumbi la golide lokha, ndipo cholinga chake chinali chakuti golide asachuluke pamsika n'kugwa mtengo.

Pa nkhani ya migodi, wolemba wina wachiarabu, al-Umari, analemba m'zaka za m'ma 1330 kuti mafumu a Mali anaona kuti akalanda dera la golide n'kuyamba kulilamulira okha, golide ankachepa, choncho anawasiya eni dera ndi miyambo yawo n'kumangolandira mtulo. Ine ndimawerenga nkhani imeneyi ngati umboni wakuti okumbawo ankadziwa kuteteza ntchito yawo, ndipo mafumu anali ndi nzeru zokwanira kuti asakanganepo nawo.

Bambo Kalua:
Mayi, ndamva bwino, koma kufotokoza kwanu kukundifikitsa pa mfundo imene sindikuikonda. Ngati chuma chonse cha mfumu chinkadalira mdipiti wa ngamila wochokera kumpoto, ndiye kuti maufumuwa anabadwa chifukwa cha alendo, ndipo popanda amalonda achiarabu ndi achiberber sipakanakhala mzinda kapena ufumu m'dera lonselo. Kodi ndi zimene mukunena?

Bambo Mbewe:
Bambo Kalua, maganizo amenewo analipo kwa nthawi yaitali, koma khasu la ofukula zakale linawagwetsa. Kuyambira m'chaka cha 1977, Roderick ndi Susan McIntosh anakumba pa chulu cha Djenné-Djenno, pafupi ndi mzinda wa Djenné ku Mali wa lero, ndipo anapeza kuti anthu anayamba kukhala pamalopo cha m'ma 250 Yesu asanabadwe. Ankalima mpunga wa ku Africa, ankasodza nsomba, ankasula chitsulo. Chofunika kwambiri pa nkhani yathu ndi chakuti m'dambo la Niger limenelo mulibe miyala ya chitsulo ngakhale miyala yoperera, kutanthauza kuti zinthu zimenezi ankazigula kuchokera kutali, zaka mazanamazana Aarabu asanafike ku North Africa. Pofika cha m'ma 800, malowa anali mzinda waukulu wozingidwa ndi linga.

Choncho pamene amalonda akumpoto anayamba kudutsa chipululu mwakathithi, m'zaka za m'ma 700 ndi 800, anapeza misika yokhazikika kale, njira zodziwika kale, ndi anthu odziwa kuwerengera phindu. Mzinda wa Sijilmasa kummwera kwa Morocco, umene unali khomo lalikulu la kumpoto, unakhazikitsidwa m'chaka cha 757, ndipo olemba achiarabu a nthawi yoyandikira imeneyo ankatchula kale Ghana ngati dziko la golide. Malonda a m'chipululu anakulitsa chimene chinalipo, ndipo anasankha kuti ndi mfumu iti mwa mafumu ambiri imene idzapose anzake. Tisaiwalenso kuti kummwera kwa mizinda ya m'mphepete mwa chipululu, malonda anali m'manja mwa eni dziko, amalonda a Wangara, amene pambuyo pake ankadziwika kuti Dyula. Iwowa ndiwo ankafika ku migodi, ndiwo ankatenga mtedza wa kola ku nkhalango, ndipo alendo akumpoto sankaloledwa kuyandikira kumene golide ankakumbidwa.

Che Jafali:
Ndikuthokoza Bambo Mbewe, ndipo ndikufuna kuti tiuone ulendo weniweniwo, chifukwa popanda kuumvetsa sitingamvetse chifukwa chake mchere unkagulidwa ndi golide. Ibn Battuta, woyenda maulendo wa ku Tangier ku Morocco, ananyamuka ku Sijilmasa mu February 1352 ndipo anatenga masiku 25 kuti afike ku Taghaza. Anapeza mudzi wopanda mtengo ngakhale umodzi, nyumba zake ndi mzikiti zomangidwa ndi zigulumwa za mchere, madenga ake a zikopa za ngamila, madzi ake owawa, ndipo chakudya chonse chochokera kutali. Kuchoka pamenepo panali ulendo wa masiku khumi wopanda chitsime chodalirika. Asanamalize gawo lomaliza, amalonda ankalemba ganyu munthu mmodzi wa mtundu wachiberber wa Masufa kuti atsogole yekha kukapereka makalata ku Walata, kuti anthu a kumeneko adzachingamire mdipitiwo ndi madzi pa mtunda wa masiku anayi. Munthu ameneyu akafera m'njira, onse a m'mbuyo mwake ankatha kufa ndi ludzu, ndipo nchifukwa chake wa pa ulendo wa Ibn Battuta analipidwa ma mithqal 100 a golide. Ulendo wonse kufika ku Walata unatenga miyezi iwiri.

Tsono taonani mitengo. Katundu wa mchere wa ngamila imodzi ankagulitsidwa ma mithqal 8 mpaka 10 ku Walata, koma pofika ku likulu la Mali ankafika pa 20 kapena 30, nthawi zina 40. Mchere ankaudulanso m'zidutswa n'kumagulira zinthu ngati ndalama, chifukwa m'dziko lotentha lotalikirana ndi nyanja aliyense ankaufuna, kuphatikizapo ziweto.

Malonda otere sangayende popanda kukhulupirirana. Ibn Hawqal, wa m'zaka za m'ma 900, analemba kuti anaona chikalata cha ngongole ya madinari 42,000 pakati pa wamalonda wa ku Awdaghust, mzinda wa kummwera kwa chipululu, ndi mnzake wa ku Sijilmasa, anthu olekanitsidwa ndi ulendo wa miyezi iwiri. Apa ndi pamene Chisilamu chinagwira ntchito yaikulu, popeza chinabwera ndi zolembalemba, miyeso yofanana, ndi malamulo a ngongole ndi a chuma cha masiye amene woweruza wa ku Fez ndi wa ku Walata ankawadziwa mofanana. Ibn Battuta yemweyo, amene sanakondwere ndi zambiri ku Mali, anayamikira kuti woyenda m'dzikomo sankaopa mbala, ndiponso kuti mlendo akamwalira, chuma chake sichinkalandidwa koma chinkasungidwa mpaka wolowa m'malo atabwera. Bambo Chirwa, ichi ndicho chimene mfumu inkagulitsa: mtendere wa panjira ndi chilungamo cha pamsika.

Mayi Nasimango:
Che Jafali, mwafotokoza mwaluso, koma pali anthu amene mwawadumpha, ndipo ali m'nkhani yomweyo ya Ibn Battuta. Amene ankakumba mchere ku Taghaza anali akapolo a Amasufa, ndipo ankakhala m'malo opanda mthunziwo chaka chonse, akudya zipatso za kanjedza ndi nyama ya ngamila zimene ena anawabweretsera. Pobwerera kwawo m'chaka cha 1353, kuchokera ku Takedda kumene kunali mkuwa, Ibn Battuta anayenda ndi mdipiti umene unali ndi akapolo aakazi pafupifupi 600. Ulendo umene mwauonetsa kuopsa kwake kwa munthu wokwera ngamila, amayi amenewa anauyenda atachotsedwa kwawo mokakamiza, opanda chiyembekezo chobwerera. Mtendere wa panjira umene mukuutamanda unali wa wamalonda. Sunali wa munthu amene anali katundu wake.

Nkhaniyi imaonekera poyera ku Kanem ndi Bornu, pafupi ndi nyanja ya Chad, ufumu umene sitinautchule. Njira yawo inkadutsa ku Kawar ndi Fezzan kukafika ku Tripoli, ndipo iwowa analibe migodi ya golide ngati ya Bambuk. Chimene ankatumiza kumpoto kwambiri chinali anthu, ndipo chimene ankafuna kwambiri chinali akavalo akuluakulu ankhondo. Leo Africanus, woyenda maulendo wokulira ku Morocco, polemba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, anati ku Bornu kavalo mmodzi ankasinthanitsidwa ndi akapolo 15 kapena 20, ndipo amalonda ankadikira miyezi yambiri kuti mfumu ibwerere kunkhondo ndi anthu owalipira. Akavalo sankakhalitsa m'dera la kashembe, choncho ankafunika atsopano nthawi ndi nthawi. Mfumu inkagula akavalo kuti igwire anthu, n'kugulitsa anthuwo kuti igule akavalo ena. Midzi ya kummwera, imene inalibe alembi oti alembe mbiri yake, ndiyo inkalipira.

Ife a kuno tisamve ngati nkhaniyi ndi yachilendo, pakuti makolo athu anaona zofanana m'zaka za m'ma 1800, pamene anthu ankasonkhanitsidwa ku Nkhotakota, kuwoloketsedwa nyanja, n'kuyendetsedwa mpaka ku Kilwa. Tikamawerenga za ulemerero wa maufumu a ku Sahel, dera la m'mphepete mwa kummwera kwa Sahara, tiziwerenga ndi maso a anthu amene akudziwa kuti mdipiti wa malonda umasiya chiyani m'mbuyo mwake.

Che Jafali:
Mayi Nasimango, palibe chimene ndingatsutse pa zimene mwanena. Ndingowonjezera kuti ngakhale m'nthawi imeneyo nkhaniyi inkavutitsa anthu ophunzira. Ahmad Baba, katswiri wa malamulo wa ku Timbuktu, analemba cha m'ma 1615 poyankha mafunso a amalonda akumpoto, ndipo anatsutsa mwamphamvu maganizo akuti khungu lakuda ndi chizindikiro cha ukapolo. Koma sanathetse ukapolo weniweniwo. Anangoika malire a amene angagwidwe ndi amene sangagwidwe. Kufunika kwa yankho lotero kukusonyeza kuti ngakhale Asilamu a mfulu ankagwidwa ndi kugulitsidwa.

Bambo Chirwa:
Zikomo nonse awiri. Ndibweretse Mansa Musa, mfumu ya Mali, chifukwa ndiye amene dzina lake limatchuka kwambiri. Ulendo wake wa ku Mecca m'chaka cha 1324 umasimbidwa ngati pachimake pa ulemerero wa Mali. Al-Umari, amene anafika ku Cairo patapita zaka 12, anauzidwa kuti golide amene mfumuyi ndi anthu ake anagawa ndi kugulira zinthu anachuluka kotero kuti mithqal imene inkagulidwa ma dirham (ndalama za siliva) 25 inatsika kufika pa 22 kapena kucheperapo. Koma olemba a nthawi imeneyo akunenanso kuti pobwerera, chuma chinamuthera ndipo anakongola kwa amalonda a ku Egypt pa chiwongoladzanja chokwera, mpaka mmodzi wa iwo anamutsatira kudzalonjerera ngongole yake n'kumwalira ku Timbuktu. Ine ndikuona kusakaza chuma cha dziko. Mfumu ya Ghana inkabisa miyala ya golide kuti mtengo usagwe, pomwe uyu anaugwetsa yekha pamsika waukulu wa makasitomala ake.

Mayi Nankhoma:
Bambo Chirwa, pamenepa ndisiyana nanu pang'ono. Mansa Musa sanapite ku Cairo kukagulitsa golide. Anapita kukaonetsa kuti Mali ndi ufumu wachisilamu woyenera kuwerengedwa pamodzi ndi Egypt ndi Morocco, ndipo anakumana ndi wolamulira wa Egypt, Sultan al-Nasir Muhammad. Anabwerako ndi anthu ophunzira, mmodzi mwa iwo Abu Ishaq al-Sahili wa ku Granada, amene dzina lake limalumikizidwa ndi mzikiti wa Djinguereber ku Timbuktu, womangidwa cha m'ma 1327. Kuchokera pamenepo amalonda a ku Egypt anachuluka ku Mali, ndipo njira zakummawa zodzera ku Gao zinakula. Pofika nthawi ya Songhai, Timbuktu inali ndi oweruza, aphunzitsi ndi alembi ambiri, ndipo Leo Africanus analemba kuti mabuku olembedwa pamanja ochokera kumpoto ankapindulitsa kuposa katundu wina aliyense. Mabanja a ku Timbuktu akusungabe zikwizikwi za zolembedwa zoterozo mpaka lero.

Pamene ndikugwirizana nanu ndi pakuti mbiri yabwino imaitana maso ambiri. Mapu ojambulidwa ku Majorca, chilumba cha ku Spain, m'chaka cha 1375 anaonetsa mfumu ya Mali itakhala pampando, itanyamula mpira wa golide m'dzanja. Walira mvula walira matope: amene anaona chithunzi chimenecho ku Ulaya anayamba kufunsa njira yofikira ku golideyo popanda kudzera mwa amalonda a ku North Africa. Apwitikizi analanda doko la Ceuta, pagombe la kumpoto kwa Morocco, m'chaka cha 1415, anatsika ndi gombe la Atlantic, ndipo m'chaka cha 1482 anamanga linga la Elmina pafupi ndi golide wa Akan.

Bambo Kalua:
Ndiye kuti zombo za Apwitikizi ndizo zinapha malonda a ngamila, ndipo maufumuwa anagwa chifukwa golide anatembenukira kunyanja?

Bambo Mbewe:
Ayi, Bambo Kalua, zaka sizikuvomereza. Songhai inafika pachimake zombozo zitafika kale. Mfumu yake Sunni Ali inalanda Timbuktu m'chaka cha 1468, kenaka Djenné, ndipo Askia Muhammad, amene anatenga ufumu m'chaka cha 1493, anaukulitsa mpaka kulamulira migodi ya mchere ya Taghaza, chinthu chimene chikuyankha mbali ina ya funso loyamba la Bambo Chirwa. Gawo lina la golide linapitadi kunyanja, koma mzinda wa Gao, likulu la Songhai, unali wolemera m'zaka zonse za m'ma 1500.

Chimene chinagwetsa Songhai chinachokera m'njira yomweyo ya ngamila. Mafumu a Morocco a banja la Saadi ankalimbirana Taghaza ndi Songhai, mpaka okumba mchere anasamukira ku Taoudenni. Sultan Ahmad al-Mansur anaganiza zotenga gwero lenileni la golide, ndipo chakumapeto kwa 1590 anatumiza asilikali pafupifupi 4,000, ambiri a iwo onyamula mfuti, motsogozedwa ndi Judar Pasha. Zitsime ndi atsogoleri a njira amene ankathandiza amalonda ndiwo anathandizanso gulu lankhondolo kuwoloka. Ku Tondibi, kumpoto kwa Gao, mu March 1591, asilikali a Askia Ishaq II, mfumu ya Songhai, anali ochuluka kwambiri kuposa adani awo, koma anali ndi mikondo, mauta ndi akavalo, ndipo ufumu wawo unali utangotuluka m'nkhondo yapachiweniweni ya m'chaka cha 1588. Anathamangitsira ng'ombe zambiri kwa adaniwo, koma kulira kwa mfuti kunazibweza. Gao, Timbuktu ndi Djenné zinagwa, ndipo m'chaka cha 1594 akatswiri a maphunziro a ku Timbuktu, kuphatikizapo Ahmad Baba amene Che Jafali amutchula, anatengedwa kupita ku Marrakesh.

Komabe a ku Morocco sanafike ku migodi. Anapeza zomwe Mayi Nankhoma anatiuza poyamba paja, kuti golide anali m'manja mwa anthu akutali kummwera, ndipo ankabwera pamsika pokhapokha njira zikakhala pa mtendere. Nkhondo itasokoneza mtenderewo, asilikaliwo anatsala akulamulira mizinda yochepa ya m'mbali mwa Niger, ndipo m'kupita kwa zaka analekana ndi Marrakesh.

Mayi Nasimango:
Ndikufuna kubwerera pang'ono ku Ghana ndi Mali, chifukwa kugwa kwawo kukusiyana ndi kwa Songhai. Kawirikawiri timauzidwa kuti Ghana inagonjetsedwa ndi Almoravid, gulu lankhondo la Asilamu achiberber, m'chaka cha 1076. Chotsimikizika ndi chakuti Almoravid analanda Sijilmasa ndi Awdaghust m'zaka za m'ma 1050, koma akatswiri ena amatsutsa zoti analandadi likulu la Ghana, ndipo ufumuwo unapitirira m'zaka za m'ma 1100, atsogoleri ake atalowa Chisilamu. Chimene chinaufooketsa kwambiri ndi kusuntha kwa malonda. Golide wa Bure atayamba kuposa wa Bambuk, mphamvu zinapita kwa anthu a kumtunda kwa Niger, ndipo Sundiata Keita, woyambitsa ufumu wa Mali, atagonjetsa Soumaoro Kanté ku Kirina cha m'ma 1235, Mali inakhala pakati pa golide watsopanoyo ndi chipululu. Walata inalowa m'malo mwa Awdaghust, kenaka Timbuktu inalowa m'malo mwa Walata. Mali nayo inayamba kuchepa pamene inataya mizinda ya m'mphepete mwa chipululu, monga pamene Atuareg, anthu a m'chipululu, analanda Timbuktu cha m'ma 1433. Ufumu umene msonkho wake waukulu umachokera pa njira umakhala pa chiopsezo njirayo ikasuntha, ngakhale anthu ake akupitiriza kulima mapira ndi mpunga monga kale.

Bambo Mbewe:
Ndi zoona, Mayi, ndipo nchifukwa chake tisasokoneze kugwa kwa maufumu ndi kutha kwa malonda. Nkhondo ya ku Tondibi itadutsa, kulemera kwa malonda kunasunthira kummawa, ku Bornu ya mfumu Idris Alooma, amene anapeza mfuti ndi akatswiri odziwa kuzigwiritsa ntchito kudzera mu ubale ndi Aturuki a Ottoman, ndiponso ku mizinda ya Ahausa monga Kano ndi Katsina. Kano inkatumiza nsalu zonyikidwa mu utoto ndi zikopa zofufuta kumpoto mpaka m'zaka za m'ma 1800, ndipo akapolo anapitirira kudutsa ku Fezzan m'nthawi yomweyo. Chimene chinathyola msana wa malondawa ndi ulamuliro wa atsamunda, umene unaika malire atsopano ndi kumanga njanji zoloza kunyanja. Njanji yochokera ku Lagos inafika ku Kano cha m'ma 1911, ndipo kuchokera pamenepo kunali kotchipa kutumiza katundu wa ku Kano pa sitima kusiyana ndi kumusenzetsa ngamila kupita ku Tripoli. Malonda a mchere okha ndiwo anapirira, chifukwa ogula ake ali mkati mwa dera lomwelo, ndipo mchere wa ku Taoudenni ukufikabe ku Timbuktu, wina pa ngamila, wina pa malole.